Mandu a ku Korea ndi soya amene timagulitsa motchipa

Ikafika miyezi ya Meyi ndi Juni, soya wa ku Petauke ndi ku Nyimba amakwera malole pa msewu wa Great East kulowera ku Lusaka, ndipo mlimi amatsala ndi mtengo umene mwini sikelo watchula. Madzulo ake ana a mlimi yemweyo amadya nsima ndi repu. Mbewu imene pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse ndi chakudya chomanga thupi yachoka pakhomo osalawidwa. N'chifukwa chake ife tikuti kuphika mandu, kumene ena a inu mumakuseka kuti ndi za m'mafilimu, kuyenera kukhala ndi malo pa maphunziro a ulimi.

Mandu ndi timitanda topyapyala ta ufa wa tirigu tokulungamo ndiwo. Anthu a ku Korea amatiphika mu msuzi kapena ndi nthunzi, pena amatikazinga, ndipo tokazingato amati gunmandu. Pa Seollal, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, mabanja ambiri amakhala pamodzi n'kumaumba. Mkati amaikamo kabichi, adyo, anyezi, tofu, timizere ta ufa wa kandolo, ndiponso kawirikawiri nyama ya nkhumba. Ife nkhumba sitidya, monga Levitiko 11 akutiphunzitsa, ndipo mandu sasowa kanthu ikachotsedwa, pakuti tofu amagwira ntchito yake. Abale athu a mpingo ku Korea komweko ali ndi fakitale ya Sahmyook Foods, yodziwika ndi mkaka wa soya.

Ntchito yeniyeni ili pa tofu. Viikani soya usiku wonse, mumusinje mu mtondo mpaka asalale, muthire madzi ndi kusefa pa nsalu yoyera. Mkakawo uwire mphindi zosachepera 15, chifukwa soya wosapsa bwino amavutitsa m'mimba. Mukaphula, thirani madzi a mandimu pang'onopang'ono kufikira mkaka utadukaduka, kenaka mukulunge pa nsalu ndi kutsendereza ndi mwala. Zotsalira pa nsalu yosefera musataye. Zikaphikidwa nkhuku zimadya. Kabichi muduledule bwino, muwaze mchere, adikire pang'ono, ndiyeno mumufinye zolimba. Apa m'pamene ophunzira ambiri amagwa: ndiwo zikakhala ndi madzi, mtanda umang'ambika m'chiwaya. Makapu 2 a ufa wa tirigu, okandidwa ndi madzi otentha ndi kupumitsidwa theka la ola, amatulutsa timitanda pafupifupi 30.

Chimene chatikopa koposa ndi kakazingidwe. Vitumbuwa ndi samusa zimasambira m'saladi, ndipo tonse tikudziwa kuti pa msika mafuta amodzimodziwo amabwerezedwa mpaka kuda bii. Mandu angathe kupsa ndi masupuni awiri okha a mafuta: pansi pakafiira mumathira timadzi pang'ono, n'kuvundikira kuti nthunzi imalize ntchito. Mpingo umene umalalikira za kusamala thupi suyenera kungoletsa anthu zokazinga osawaonetsa njira ina.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, yakuti ichi ndi chakudya chachilendo, ndi yopepuka. Samusa anabwera ndi amalonda achimwenye, ndipo ngakhale chimanga chimene timati ndi chathu chinachokera ku America. Yachiwiri ndiyo yolemera: alimi athu kuno salima tirigu, ndipo ufa wake ndi wogula ndi ndalama. Ufa wa chimanga sungalowe m'malo mwake, chifukwa ulibe ulimbo uja umene umachititsa mtanda kutamuka. Izi sitikana. Koma onani kuti m'chitumbuwa tirigu ndiye zonse, pamene mu mandu ndi chikopa chabe. Chodzaza mkati ndi soya, kabichi, anyezi ndi adyo za m'munda ndi m'dimba mwanu. Ndalama yochoka m'thumba ndi yochepa poyerekeza ndi chakudya cholowa m'mimba mwa mwana.

Kwa amene mukuganiza kale zokagulitsa pa siteshoni ya mabasi ku Nyimba, pambali pa amayi a nthochi, tikuti fatsani. Tofu sachedwa kusasa, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, ndipo wopanda firiji ayenera kumupanga ndi kumugwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Wapaulendo mmodzi akadwala, malonda a onse okhala pa mzerewo aipa. Yambani ndi a pabanja panu Lachisanu masana, poti mbaula yayaka kale pokonzekera Sabata, ndipo mulembe m'kabuku mtengo wa ufa, saladi ndi makala musanatchule mtengo wa mandu amodzi.