Ndandanda wa IQ umene mukugawanawo ndi wabodza

Kwa kanthawi tsopano pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda ndandanda wa mayiko, woti akatswiri anayeza nzeru za anthu a dziko lililonse ndipo ife a kumwera kwa Sahara IQ yathu imalekera cha pa 70 pamene azungu ali pa 100. Bodzali ndi lakale. Chikutiwawa ife ndi anthu ophunzira bwinobwino amene akulilandira osafunsa kanthu, n'kumawonjezera okha kuti n'chifukwa chake dziko silikutukuka.

Manambalawa ali ndi eni ake. Anayambira m'buku la Richard Lynn ndi Tatu Vanhanen la mu 2002, IQ and the Wealth of Nations, ndi ena amene Lynn analemba pambuyo pake. M'buku loyambalo muli mayiko 185, koma amene anali ndi zotsatira za mayeso ndi 81 okha. Otsala 104 anangowapatsa manambala potengera mayiko oyandikana nawo. Nambala ya 59 imene anapatsa Equatorial Guinea inachokera kwa ana okhala pamalo osamalira olumala m'maganizo ku Spain. Mu 2010 Jelte Wicherts ndi anzake a pa yunivesite ya Amsterdam ataunikanso kafukufuku wa mu Africa anapeza kuti Lynn ankasiya magulu amene anakhoza bwino n'kumatola amene analephera.

Ganiziraninso tanthauzo la 70. Mayesowa anakonzedwa kuti munthu wapakatikati azipeza 100, ndipo madokotala akaona 70 kapena kutsikirapo amayamba kuganizira za ulumali wa m'maganizo, umene umapezeka mwa anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse. Wovomereza ndandandawu wavomereza kuti theka la anthu a ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Angónia ali m'gulu limeneli, anthu amene amalima, amachita malonda a pamalire ndi ndalama za mayiko atatu, ndipo ambiri amayankhula zilankhulo ziwiri kapena zitatu.

Koma pamene bodzali lafookera kwenikweni ndi pa kayezedwe. Mlimi aliyense amadziwa kuti thumba la mtedza likalemera mosiyana pa sikelo ya venda ndi ya kwina, woyamba kumukayikira ndi sikeloyo. Akatswiri oyeza maphunziro amatero kumene ndi mayeso awo. Kuyambira pa ntchito ya Georg Rasch wa ku Denmark mu 1960, iwo salekera pongowonkhetsa malikisi. Amatenga funso lililonse palokha, amawerengera kulimba kwake, ndiponso mwayi woti mwana wa luso lakutilakuti alikhoze. Asanayerekeze magulu awiri amafunsa kuti: ana awiri ofanana luso, wina wa ku Dowa wina wa ku London, kodi mwayi wawo wokhoza funso ili ndi wofanana? Ngati si wofanana, ndiye kuti funsolo likuyezanso zina, monga chilankhulo, kuzolowera pensulo ndi pepala, kapena kuzolowera kuyankha mothamanga ndi nthawi. Zikatero kuyerekeza malikisi a magulu awiriwo n'kulakwa. Mayeso a SACMEQ amene ana a Sitandade 6 a ku Malawi ndi ku Zambia akhala akulemba amatsata njira ya Rasch. Lynn sanavutike nazo zimenezi. Anangosonkhanitsa mayeso osiyanasiyana, a zaka zosiyana, a ana ndi akulu omwe, n'kutulutsa nambala imodzi. Pa mayeso a Raven, ojambula timizere ndi timabokosi aja, amene Lynn ankawadalira kwambiri, a Wicherts sanapeze umboni woti amayeza chinthu chimodzimodzi kuno ndi ku Ulaya.

Umboni wina uli pafupi pompano. Mu 1979 Robert Serpell, amene pambuyo pake anatsogolera yunivesite ya Zambia, anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yokopera zithunzi. Pa pepala ana a ku England anapambana. Atawapatsa waya kuti apinde zithunzizo, a ku Zambia, ozolowera kupanga galimoto za mawaya, ndi amene anapambana. Pa dongo anafanana. Ku Embu m'dziko la Kenya malikisi a ana a kumudzi pa mayeso a Raven anakwera kwambiri pakati pa 1984 ndi 1998, kadyedwe ndi maphunziro a makolo zitasintha. Magazi a mtundu wa anthu sasintha m'zaka 14.

Dziwaninso kuti yunivesite ya Ulster inalanda Lynn udindo wake waulemu mu 2018, ndipo mu 2020 bungwe la akatswiri la European Human Behaviour and Evolution Association linachenjeza kuti manambala akewo asagwiritsidwe ntchito.

Sitikubisa kuti ana athu akuvutika kusukulu. Pa mayeso a SACMEQ omwewo Malawi wakhala ali kumunsi pa kuwerenga ndi masamu. Zifukwa zake n'zodziwika: sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni popanda aphunzitsi ndi makalasi okwanira, ndipo kafukufuku wa za umoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Zonsezi zimakonzeka ndi kadyedwe kabwino, mabuku ndi aphunzitsi. Ndandandawu ukuti n'chibadwa, ndipo apa m'pamene pali ngozi. Mphunzitsi wa ana 100 m'kalasi imodzi akaukhulupirira amasiya kulimbana ndi mwana wochedwa kugwira, ndipo wandale amapeza pobisala bajeti ya maphunziro ikaperewera. Tikupempha makamaka aphunzitsi ndi makolo amene ali m'magulu a pa WhatsApp a sukulu kuti ukafika kwa iwo aufufute, usafike m'manja mwa mwana amene akukonzekera mayeso a PSLCE.