Mikodzo Inapita ku Labotale, Yankho Silinabwerere ku Komboni

Likodzo si nthenda yachinsinsi. Mwa matenda onse amene amasautsa anthu okhala m'makomboni a m'mapulazi a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, ndi ochepa amene asayansi anawasanthula mpaka kumizu monga anachitira ndi likodzo. Choncho ndikamva akatswiri akutseka nkhani zawo ndi mawu ozolowereka aja akuti pakufunika kafukufuku wina, mtima umandiwawa. Kafukufuku sindidana naye. Chimene ndikukana ndi kafukufuku wobwera ndi timabotolo, n'kutenga mikodzo ya ana, n'kupita osabweranso kudzanena chimene chapezeka.

Zodziwika kale ndi izi. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi yotchedwa Schistosoma haematobium amaswa, ndipo timphutsi take timalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi, makamaka za mtundu wa Bulinus globosus. M'nkhonomo timachulukana, ndipo pakapita masabata angapo timatuluka tambirimbiri n'kumasambira, kudikira khungu la munthu. Chilonda sichifunika kuti tilowe. Mayi wochapa, mwana wosambira, bambo wotunga madzi othirira nazale ya fodya, onsewa khungu lawo ndi khomo lokwanira. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi, yaimuna ndi yaikazi n'kukhalira limodzi m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, kwa zaka, zikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Dzira lililonse lili ndi kamunga. Ena amaboola chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo wamagazi uja. Ena amakanirira m'minofu, ndipo thupi polimbana nawo limadzivulaza lokha: zipsera, kutsekeka kwa njira za mkodzo, kuwonongeka kwa impso, nthawi zina khansa ya m'chikhodzodzo. Mankhwala alipo, praziquantel, womwa kamodzi molingana ndi kulemera kwa munthu. Amapha nyongolotsi zokhwima, koma tongolowa kumene timapulumuka, ndipo saletsa munthu kutenganso matendawa mawa lake padamu lomwe lija.

Zambiri mwa izi zinkafufuzidwa m'dziko lomwelo. Kuyambira mu 1939 ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, kunali labotale yofufuza za likodzo ndi malungo, imene inadzatchedwa Blair Research Laboratory, ndipo pano ndi National Institute of Health Research. Akatswiri ake ankayenda m'madamu ndi m'mitsinje ya m'mapulazi kuwerenga nkhono ndi kuthira mankhwala ozipha. Lipoti lawo lina la mu 1961 limanena poyera pamutu pake kuti nkhono zimene ankalimbana nazo zinali za likodzo komanso za nyongolotsi za m'chiwindi zimene zimagwira ng'ombe. Sindikuwanamizira kuti ankaganizira ng'ombe zokha, koma aliyense wodziwa pulazi ya nthawi imeneyo amadziwa kuti ng'ombe ya bwana inali ndi dibi ndi dokotala wake, pamene mwana wa wantchito analibe.

Nanga antchitowo anali ndani? Ambiri anali azigogo athu, machona ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena obwera wapansi, ena pa malole a ulere, ena olembedwa ndi Mthandizi. Ndi amene anathyola malalanje ku Mazowe, n'kupachika fodya ku Mvurwi, ku Banket ndi ku Karoi. Damu linakumbidwa kuti lithirire mbewu za bwana, komboni n'kumangidwa pafupi nalo, ndipo damu lomwelo linakhala bafa, pochapira ndi posewerera ana.

Labotale ya Blair yomweyo ndi imene inatulutsa chimbudzi chotchuka cha paipi yotulutsa mpweya. Peter Morgan, amene anachikonza m'zaka za m'ma 1970, anawerenga ntchentche zotuluka m'zimbudzi ziwiri kwa masiku 78: m'chopanda paipi munatuluka pafupifupi 14,000, m'cha paipi zosakwana 150. Chimbudzichi chinafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo Morgan analandira mphoto ya Stockholm Water Prize mu 2013. Koma Rene Loewenson ndi anzake atayendera mapulazi a ku Bindura kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, anapeza makomboni ambiri opanda zimbudzi zokwanira ndi madzi abwino, ana ali onyentchera. Nzeru inalipo, mtunda wochokera ku Harare kukafika ku Bindura ndi wosakwana makilomita 100, koma nzeruyo siinafike.

Mu 2000 mapulazi analandidwa. Sindilira azungu, malipiro awo anali onyoza ndipo makomboni awo ndi amene ndafotokoza aja. Koma antchito ambiri malo sanalandire. Ntchito inatha, mapampu a madzi ambiri analeka kugwira ntchito, amayi ophunzitsidwa zaumoyo amene ankathandiza m'mapulazi anabalalika. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya anthu obadwira m'dzikomo, makolo awo ochokera ku Malawi kapena ku Mozambique, ali ndi zitupa zowatcha alendo, ena opanda chitupa n'komwe. Mayi wopanda chitupa amavutika kumutengera mwana wake chikalata cha kubadwa, ndipo mwana wopanda chikalata amakakamira pa mayeso a giredi 7.

Apa ndi pamene nkhani ya zitupa ikukumana ndi ya maikulosikopu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2010 ndi 2011 anapeza likodzo m'maboma 57 mwa 63, ndipo ana oposa 22 pa 100 alionse oyezedwa anali nalo. Ntchito yabwino, ndipo inachititsa kuti kuyambira mu 2012 boma lizigawa praziquantel chaka ndi chaka. Koma oyezedwawo anali ana a pasukulu, ndipo mankhwala amadzera kwambiri kusukulu komweko. Mnyamata amene anasiya sukulu n'kumachita maganyu othirira kwa mwini munda watsopano sawerengedwa. Mayi ake, amene miyendo yawo imakhala m'madzi m'mawa uliwonse, sawerengedwa. Bungwe la WHO mu 2022 linalangiza kuti kumene nthendayi yafika anthu 10 pa 100, aliyense kuyambira zaka ziwiri alandire mankhwala, akuluakulu omwe. Ndikufuna kuona malangizowa akulowa pachipata cha komboni.

Wina anena kuti wasayansi si boma, sakumba mijigo, sapereka zitupa. Zoona. Ndipo alipo ofufuza amene ntchito yawo inasintha zinthu: Francisca Mutapi ndi Takafira Mduluza, pogwira ntchito m'midzi ya ku Murehwa ndi ku Shamva, anaonetsa kuti ana osakwana zaka zisanu nawonso amadwala likodzo ndiponso kuti praziquantel sawavulaza. Koma pali zinthu zimene zili m'manja mwa wofufuza aliyense, zosadikira nduna: kusankha kumene akayeze, chilankhulo chimene alankhule, ndi kubwerera.

Ntchito yanga ndi yomasulira. Mafomu opempha chilolezo cha anthu kuti ayezedwe ndamasulirapo angapo. Pepala lofotokozera anthu omwewo zotsatira za kafukufukuyo palibe anandipatsapo, ngakhale limodzi. Chichewa chimafunika pamene akufuna chala chidindidwe, basi. Komatu malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pamndandandawo Chewa ndiye woyamba. Amatiuza kuti anthu a m'mapulazi amamva Chishona. Achinyamata amamvadi, ena kuposa Chichewa. Koma Chishona cha agogo chogulira matimati ndi kuyankhira kapitawo si chokwanira kumvetsa kuti magazi awo akasungidwa m'firiji zaka zambiri kapena atumizidwa kutsidya kwa nyanja. Ndipo ngakhale m'Chishona momwemo, zotsatira zimabwera kangati?

Kumasulira kumeneku si kungosintha mawu. Mukamuuza mayi wa Chichewa kuti "mwapezeka ndi kachilombo", iye wamva kale za Edzi, chifukwa mawu amenewa HIV inawalanda kalekale. Mukati "nyongolotsi", aganiza za njoka za m'mimba, n'kudabwa kuti zikukhudzana bwanji ndi mkodzo. Choopsa kwambiri n'chakuti mazira a likodzo amakanirira ngakhale m'njira ya chiberekero, n'kubweretsa ululu, kuyabwa, chikazi chachilendo ndi kutaya magazi pogonana. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo achipatala ambiri amazisokoneza. Mayi amalandira jakisoni wosamuthandiza, kunyumba n'kukayamba mlandu wa chigololo, ankhoswe n'kuitanidwa, pamene wolakwa ndi nkhono ya padamu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2006, wochitika pakati pa amayi a kumidzi ku Zimbabwe, anapeza kuti amayi okhala ndi zilonda za likodzo zoterezi mwayi wopezeka ndi HIV unali wochuluka pafupifupi katatu. Zaka zonsezi mfundo imeneyi ili m'magazini a Chingerezi. Mayi wa ku komboni ya ku Glendale amene inkamukhudza anaimva kuti?

Bungwe la Medical Research Council of Zimbabwe, limene limavomereza kafukufuku wokhudza anthu, limaona kale mafomu a chilolezo kafukufuku asanayambe. Lionjezere chimodzi: asalole ntchito yoyeza anthu m'dera la mapulazi ngati mu bajeti yake mulibe ulendo wobwerera, ndi tsamba limodzi la zotsatira m'Chichewa ndi m'Chishona. Tsambalo likawerengedwe mokweza pakomboni, Lamlungu masana anthu atabwera kutchalitchi, amayi kwaokha kuti afunse momasuka. Linene kuti mwa oyezedwa ndi angati apezeka ndi mazira, ndi mbali iti ya damu imene ili ndi nkhono zodwalitsa, mankhwala abwera tsiku liti, ndipo kuti wopanda chitupa nayenso alandira.