Kamera pahelemeti ndi mboni ya wakabaza

Akabaza a njinga zamoto a ku Domasi Mission, kamera ya pahelemeti ndi mboni yosadya chiphuphu. Minibasi ikakugundani pamsewu wa M3 popita ku Songani, dalaivala n'kukana, kanemayo ndiye akakuyankhulireni kupolisi. Chimodzimodzi mayi wa tomato akamanena kuti dengu lawo mwaligwetsa chifukwa cha liwiro.

Koma musathamangire GoPro, ingakudyereni mpamba wonse. Yotchipa ndi yokwanira, bola izionetsa nambala ya galimoto. Iyeseni m'shopu momwemo musanalipire. Sankhani yofufuta yokha kanema wakale memori khadi ikadzaza. Imangeni pachibwano cha helemeti, chifukwa pahandulo imanjenjemera m'mabampu, chithunzi n'kusokonekera. Batire lake silifika masana, choncho ilumikizeni kutchaja ya njinga.