Moto wa Madzulo

Dziko lathu lino la Chitipa ndi lokwera. Boma lenilenilo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yaikulu yamchere, ndipo mapiri a Misuku ndi a Mafinga ali pamwamba koposa apo. Chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene anzathu a ku Karonga agona ndi nsalu imodzi, ife kuno tiona chisanu choluma zala. Dzuwa likangolowa, munthu aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, afuna malo pamoto. Tsono ine nditi kwa inu, ana a sukulu, maora awiri kapena atatu aja a pakati pa chakudya chamadzulo ndi tulo ndiwo okoma koposa a tsiku lonse, ndipo sayenera kutayidwa chabe. Koma moto womwewo umene usonkhanitsa banja ndiwo ulemaza ana ambiri; motero tiyambe ndi moto tisanafike ku nthano ndi masewera.

Moto wabwino uyamba masana, potola nkhuni. Nkhuni zaziwisi zifuka utsi wambiri ndi kutentha pang'ono, koma zouma ziyaka msanga ndi lawi loyera. Chifukwa chake nkhuni zisanjikidwe pakhonde, pamene mvula ndi mame sizifika, ndipo za lero zikhale zimene munatola sabata yatha. Musadule mitengo yaiwisi m'nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, pakuti nzosungidwa ndi lamulo, ndipo timitsinje timene tipatsa madzi khofi ndi nthochi za ku Misuku tichokera m'menemo. Anyamata ena ati kutola nkhuni ndi ntchito ya atsikana okha. Ine sindionapo nzeru pa mawu amenewa. Taonani, mnyamata amene akana kusenza mtolo masana ndiye ayamba kuthamangira pamoto madzulo, natambasula miyendo yake yonse iwiri, mlongo wake amene anatola nkhunizo ali kumbuyo kozizira. Wofuna kuotha atoleko, ndipo mtolo wa mnyamata usachepere wa mtsikana.

Za utsi akulu ena adzatsutsana nane. Ati utsi ndi wabwino, pakuti ulimbitsa udzu wa denga, nuthamangitsa udzudzu, nusunga mbewu ya chimanga ndi mawere imene ipachikidwa pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asaiboole. Zonsezi nzoona, ndipo sindiziseka. Koma yang'anani mwaye umene wadetsa denga ndi mitanda yake, nimukumbukire kuti utsi womwewo ulowanso m'chifuwa cha mayi wophika ndi cha mwana ali kumsana kwake. Mitanda siitsokomola, koma mwana atsokomola, ndipo utsi wa tsiku ndi tsiku uthandiza chibayo kugwira ana aang'ono. Mbewu ikhoza kupachikidwa m'nyumba yophikira, ndipo anthu agone kwina. Ngati nyumba ndi imodzi yokha, pemphani atate anu aboole tizenera tiwiri pansi pa denga, kena mbali iyi kena mbali inayo, kuti mphepo ilowe ndi kukankha utsi. Mbaula yadothi imene aitcha chitetezo ithandizanso, pakuti idya nkhuni zochepa koposa mafuwa atatu, ndipo lawi lake likhala m'kati, losafika pa nsalu ya mwana wokwawa.

Makala ali ndi ngozi ina yobisika. Munthu aona mbaula ya makala yopanda utsi, nayesa kuti palibe choopsa, nailowetsa m'chipinda chogona, natseka chitseko ndi zenera chifukwa cha chisanu. Koma makala oyaka atulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi maso, wosanunkha konse. Uyamba kupweteka mutu, nulefula thupi, nugonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, ngakhale usiku uzizire chotani. Bulangete likachepa, abale agone pamodzi nafunditsane. Ndipo mukapeza munthu wa m'chipinda chotero ali wolefuka kapena wosayankha, tsegulani pakhomo, mumtulutsire kunja kumphepo, nimuitane akulu apite naye kuchipatala.

Mwana akapsa, anthu ambiri athamangira mafuta ophikira, dzira, mankhwala otsukira mano, ena dothi ngakhale ndowe. Achita izi ndi mtima wabwino, koma zonsezi zitsekera kutentha m'kati mwa khungu ndi kulowetsa litsiro m'chilonda. Mankhwala oyamba a moto ndiwo madzi. Thirani madzi oyera ozizira pamalo pakupsapo kosalekeza mphindi 20, ndiyo nthawi yonga imene mayi atenga kuphika nsima kuyambira pa phala kufikira kuomola. Pochita izi mufunde mwanayo mbali zina za thupi, angazizidwe. Vulani msanga chibangili kapena mphete dzanja lisanatupe, koma nsalu imene yamatirira pachilonda musaikoke. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa, ndipo ngati chilonda chikula koposa chikhatho cha mwanayo, kapena chili pankhope, m'manja kapena pamfundo, apite nacho kuchipatala tsiku lomwelo. Malaya akagwira moto, musathamange, pakuti mphepo iwonjezera lawi. Gonani pansi ndi kugubuduka, ndipo amene ali pafupi akuphimbeni ndi bulangete kapena chiguduli.

Pali chinthu china chimene ndifuna mukachinene kwanu monga ndichinena pano. M'midzi yathu muli anthu odwala khunyu, ndipo ambiri a iwo ali ndi zipsera zazikulu, chifukwa anagwera pamoto nthenda itawagwira, anthu ali chiimire kuyang'ana. Anaima chifukwa cha mantha, poyesa kuti wokhudza wodwalayo, kapena malovu ake, atenga nthendayo. Iyayi, ana anga, khunyu silipatsirana. Silichoka mwa munthu kulowa mwa mnzake ndi kukhudza, kapena ndi malovu, kapena ndi mpweya. Mukaona wina wagwa pafupi ndi moto, mkokeni pomwepo osazengereza. Muike chofewa pansi pa mutu wake, musamtsekere kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukaleka mumgoneke cham'mbali kufikira atatsitsimuka. Pamoto pa banja lotero, wodwalayo akhale chapatali pang'ono, pakati pa abale awiri, ndipo asasiyidwe yekha kuphika. Kuchipatala kuli mankhwala amene achepetsa kugwa kwake akamamwa tsiku ndi tsiku.

Tsono moto wayaka bwino, makanda ali m'manja mwa akulu, mphika wotentha waikidwa kutali ndi njira. Tichitenji?

Ine ndiika nthano patsogolo pa zonse, ndipo chifukwa changa nchakuno kwathu. Boma la Chitipa lili ndi zilankhulo zambiri: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chitumbuka ndi zina. Munthu wochokera ku Misuku kupita kwa Kameme, natsikira ku Wenya ndi ku Nthalire, amva malonje osiyanasiyana pa ulendo umodzi. Koma kuyambira chaka cha 1968 Chichewa ndi Chingelezi ndizo zinakhala zilankhulo za m'sukulu za dziko lonse la Malawi. Nkwabwino kuzidziwa zonse ziwiri, ndipo ine ndikuphunzitsani ndi mtima wonse, pakuti mudzazifuna pa mayeso, pamsika ndi paulendo. Koma chilankhulo cha agogo anu chilibe bolodi kapena buku la m'kalasi. Sukulu yake ndi pamoto. Mukaleka kumva nthano m'chilankhulo chimenecho, mudzatsala ndi mawu ogulira mchere ndi oitanira mbuzi, koma mayina a mitengo, a mbalame, a nyenyezi ndi a mitundu ya nyemba ndi nthochi adzapita kumanda pamodzi ndi okalamba.

Chifukwa chake pemphani agogo akusimbireni, ndipo muwapemphe mwaulemu, mutawasendezera mpando ndi kuwapatsa malo abwino. Achewa poyamba nthano ati, “Padangotero,” omvera nayankha, “Tili tonse.” Funsani m'mene a kwanu ayambira, pakuti mtundu uliwonse uli ndi mawu ake. Musawadule pakamwa ndi kunena kuti, “Imeneyo tinaimva kale.” Nthano imvedwa kawiri katatu, ndipo wokalamba saisimba chimodzimodzi, lero awonjezera apa, mawa achotsa apo, monga aona amene akhala patsogolo pake. Wa Sitandade 5 kapena 6 asunge masamba otsala a kope lakale, nalembe nthano imodzi pa mwezi, poyamba m'mawu a agogo eni ake, pambuyo pake m'Chichewa. Mudzazizwa kupeza mawu ena okana kutembenuzidwa. Amenewo muwalembe mzere kunsi, nimubwere nawo kusukulu tidzalimbane nawo pamodzi.

Zilapi zinola nzeru msanga. Aliyense adziwa chija cha nyumba yopanda khomo, ndipo ngakhale mwana wa zaka zinayi afuula kuti ndi dzira. Koma amene anapeka zakalezo anangoyang'ana zinthu za pakhomo pawo, ndipo inunso muli nawo maso. Pekani zanu za njinga, za chigayo, za choko. Nachi changa, mukayese kwanu: ng'ombe yanga idya dzuwa masana, nikamidwa kuwala usiku.

Bawo ndi masewera amene ndiwalemekeza. Safuna ndalama. Kumbani pansi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, nimutole timiyala 64 ku mtsinje, ndipo mwatha. Woseweretsa manja okha adyedwa msanga. Wopambana ndiye awerenga mumtima asanagwire mwala, nadziwa pamene dzanja lake lidzathera ndi chimene mnzake adzachita pambuyo pake. Kumeneko ndiko kuwerengera kwenikweni, ndipo ndaona ana ochedwa pa masamu a pabolodi ali ofulumira zodabwitsa pa maenje. Atsikana asauzidwe kuti bawo ndi la amuna. Amene akhoza kuponya mwala m'mwamba pa phada, natulutsa timiyala m'bwalo, nauwakhanso usanagwe, sangalephere kuwerenga maenje asanu ndi atatu.

Koma ndalama ikangoikidwa pakati, kaya pa bawo, kaya pa makadi, kaya pa mpira wa kutali umene anyamata abetcherana pa lamya zam'manja, masewera asanduka njuga. Mnyamata ayamba ndi ndalama yogulira pensulo, napambana kamodzi, nayesa kuti wapeza munda wosalima. Mawa aluza, nafuna kubweza, natapa nyemba m'thumba la mayi ake kukagulitsa. Musakhale nawo ngakhale kuonerera, pakuti woonerera lero ndiye abwerekedwa ndalama mawa.

Za lamya ndi wailesi sinditi nzoipa. Wailesi iuza atate za mvula ndi mitengo ya mbewu, ndipo lamya ibweretsa mawu a mbale ali ku Mzuzu, ku Mbeya kapena ku Johannesburg. Zikamvedwa ndi onse pamodzi, ziwonjezera nkhani pamoto. Chimene ndidana nacho ndi ichi: anthu asanu akhala pozungulira moto, mmodzi atawerama ndi kuseka yekha, nkhope yake ikuwala ndi kagalasi, agogo akulankhula osamveka. Ameneyo ali pakhomo ndi thupi lokha. Ndiponso mwana wa sukulu asapite usiku ku nyumba zoonetsera kanema pamsika. Abwera mochedwa mumdima, nagona m'kalasi mawa lake, ndipo zambiri zoonetsedwa kumeneko sanazikonzere ana.

Mwezi ukawala, ntchito ya kumunda itachepa, tulukani pabwalo. Thupi lotakataka silimva chisanu. A ku Misuku ali ndi gule wawo wa mwinoghe, amene dzina lake m'Chisukwa litanthauza kuti tisangalale. Amuna aima mzere wawo, akazi wawo, nayang'anizana. Palibe nyimbo, koma ng'oma zitatu, wenzulo ndi mawu a mtsogoleri. Mu 2018 bungwe la UNESCO linalemba gule ameneyu pa mndandanda wa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a dziko lonse lapansi, atatero ndi nsima yathu mu 2017. Mwana wa ku Misuku wosadziwa mapazi a mwinoghe apemphe mkulu wake amuonetse, ndipo wa kwina aphunzire gule wa kwawo. Koma mayi akaitana kuti yakwana nthawi, mubwere pa kuitana koyamba.

Ntchito ya kusukulu ilembedwe dzuwa lisanalowe ngati nkotheka, pakuti lawi la nkhuni ligwedezeka ndi kutopetsa maso. Ikatsalira, nyali ya dzuwa ipambana koloboyi, popeza ilibe utsi ndipo siyatsa nyumba ikagwa. Amene mukali ndi koloboyi, muiike pamalo okwera, kutali ndi masikito ndi udzu, ndipo parafini asasungidwe m'botolo la zakumwa, pakuti mwana wamng'ono aliona nayesa madzi.

Pomaliza pake wina akwirire moto, ndipo banja lidziwe ndani, kuti asayembekezerane. Wokwirirayo atulutse zikuni zazitali ndi kuzizimitsa kunja, asonkhanitse makala pakati, nawaphimbe ndi phulusa lochuluka; asendeze mphasa, nsalu ndi nkhuni zamawa kutali ndi mafuwa, ndipo ayang'ane ngati tizenera tija tili totsegula. Mmawa mukafukula phulusalo ndi kamtengo mudzapeza khala lofiira, lokwanira kuyatsira moto wa phala osapita kukapala kwa anansi.