Chipolopolo chachikulu sichikonza dzanja lophonya

Ku America, kumene munthu wamba amaloledwa kusunga mfuti yam'manja yodzitetezera, kuli mkangano umene watha zaka zoposa 100 osazilala: kodi ndi chipolopolo chiti chimene chimagwetsa chigawenga pomwepo? Ena amalumbirira cha .45, chonenepa ndi cholemera. Ena amati cha 9mm n'chokwanira. Ine ndikuona kuti funsolo lidakhota kuyambira pachiyambi, ndipo umboni wake udachokera kwa amene adaliutsanso omwewo.

Nkhaniyi idayambira ku Philippines kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, asilikali a America atadandaula kuti ankhondo achiMoro ankabwerabe ndi zikwanje zawo ngakhale alasidwe ndi zipolopolo za .38. Mu 1904, John Thompson ndi Louis LaGarde adayesa zipolopolo pa ng'ombe zamoyo ku Chicago komanso pa mitembo ya anthu yolendewera, n'kumayeza ndi maso mmene mtembo wagwedezekera. Kafukufuku wotere lero sangamulandire ngakhale mwana wasukulu, koma ndi amene adagamula kuti chipolopolo chisachepere .45, ndipo mu 1911 asilikali adalandira mfuti ya John Browning yowombera zoterozo.

Chimene chidautsanso moto ndi zimene zidachitika ku Miami pa 11 Epulo 1986, pamene apolisi asanu ndi atatu a FBI adawomberana ndi mbava ziwiri zothyola mabanki, Michael Platt ndi William Matix. Kumayambiriro kwenikweni Platt adalasidwa ndi chipolopolo cha 9mm chimene chidaboola mkono, kulowa m'chifuwa, n'kuima patangotsala pang'ono kuti chifike pamtima. Balalo linali lakupha, koma munthuyo adapitiriza kuwombera mpaka kupha Jerry Dove ndi Benjamin Grogan, ena asanu n'kuvulala. A FBI adaloza chala chipolopolocho. Adasamukira ku 10mm, koma chidapezeka kuti chikukankha dzanja kwambiri moti apolisi ambiri ankalephera kulunjika nacho, ndiye adachepetsa onga wake. Apa m'pamene padabadwira chipolopolo cha .40 S&W mu 1990. Chimene anthu amaiwala n'chakuti Platt adali ndi mfuti yaitali ya Ruger Mini-14, pamene ambiri mwa apolisiwo adali ndi zam'manja. Kusiyana kwenikweni kudali pamenepo.

Thupi la munthu silimvera zimene timaona m'mafilimu. Chipolopolo cha mfuti yam'manja sichingamunyamule munthu n'kumuponya chagada, chifukwa mphamvu yokankhira kutsogolo ndi yomweyo imene imabwerera kwa wowombera. Chikadatero, bwenzi onse awiri akugwa. Munthu amaima pazifukwa zitatu basi. Mwina chalasa ubongo kapena msana wakumtunda, mwina wataya magazi ambiri mpaka kukomoka, apo ayi wangochita mantha n'kugonja yekha. Lipoti limene Urey Patrick wa FBI adalemba mu 1989 lidanena kuti ngakhale mtima utaphulika, ubongo umakhalabe ndi mpweya wokwanira kuti munthu achite zimene akufuna kwa masekondi 10 mpaka 15. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kukhuthula mfuti yonse. N'chifukwa chake muyezo wa FBI umayang'ana kuzama: chipolopolo chilowe masentimita 30 mpaka 46 m'phala lolimba la gelatin limene amayesera m'malo mwa mnofu. Kusiyana kwa 9mm ndi .45 m'mimba mwake ndi mamilimita awiri ndi theka chabe. Kulimbana za mamilimita amenewo n'chimodzimodzi kukangana za kulemera kwa khasu mzere ukukhota.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zopepuka. Amatchula buku la Evan Marshall ndi Edwin Sanow la 1992, limene lidasanja zipolopolo malinga ndi kangati chimodzi chokha chidaimitsa munthu. Vuto lake n'lakuti adasiya pambali nkhani zimene munthu adalasidwa kangapo, zomwe ndi zimene zikusonyeza kuti choyambacho chidalephera, ndipo dokotala wa asilikali Martin Fackler adalitsutsa kwambiri. Mfundo yolemera ndi ya Anthony Braga ndi Philip Cook, amene mu 2018 adapeza kuti ku Boston olasidwa ndi zipolopolo zikuluzikulu ankafa kwambiri kuposa olasidwa ndi zing'onozing'ono. Zimenezo sindikana. Koma kufera kuchipatala patapita ola n'kosiyana ndi kuima pa sekondi imene mpeni uli m'mwamba, ndipo wodziteteza lamulo limamulola kuletsa chiwembu, osati kufuna imfa ya munthu.

Ogulitsa mfuti mkanganowu amaukonda, poti chipolopolo chatsopano chimafuna mfuti yatsopano. Koma a FBI eni ake mu 2014 adalemba kuti mphamvu yogwetsa munthu pomwepo ndi nthano chabe, kuti apolisi amaphonya zipolopolo 70 mpaka 80 pa 100 zilizonse akamawomberana ndi zigawenga, ndiponso kuti madokotala a opaleshoni sasiyanitsa bala la 9mm, .40 ndi .45. Chofunika, iwo adatero, ndi chipolopolo chimene wapolisi angathe kulunjika nacho mobwerezabwereza, ndi chotsika mtengo kuti aziyeserera pafupipafupi. Mu 2016 adapatsa kampani ya Glock kontirakiti ya mfuti za 9mm, mtundu womwe uja adaukana pambuyo pa Miami.