Mbiri ya Chisilamu idzakonzedwa m'kalasi

Pa 15 Malichi chaka chilichonse, maiko a m'bungwe la United Nations amakumbukira tsiku lolimbana ndi udani umene anthu ena ali nawo pa Asilamu. Tsikuli lidakhazikitsidwa mu 2022, pokumbukira zomwe zidachitika pa 15 Malichi 2019 mumzinda wa Christchurch ku New Zealand, pamene munthu wina adalowa ndi mfuti m'mizikiti iwiri n'kupha anthu 51 amene adasonkhana ku Swala ya Jumu'ah. Dziko lonse silingapatule tsiku chifukwa cha nkhani yopanda pake. Chichitikireni chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001 ku America, dzina la Chisilamu lakhala likutchulidwa pamodzi ndi mabomba ndi uchigawenga, mwakuti mayi wovala hijab kapena bambo wa ndevu ndi chipewa amayang'anidwa ndi diso lokayika m'malo ambiri.

Asilamu alipo pafupifupi 2 biliyoni padziko lonse, ndipo nkhanza za magulu ochepa sizingakhale kalilole wa anthu onsewa. Komabe maguluwo alipo, akudetsa dzina lathu, ndipo ambiri mwa iwo amagwirizana pa chinthu chimodzi: kudana ndi sukulu. Ku Pakistan, zigawenga zidawombera mtsikana Malala Yousafzai mu 2012 chifukwa chomenyera maphunziro a atsikana. Ku Nigeria, gulu la Boko Haram lidaba atsikana 276 pasukulu ya ku Chibok mu Epulo 2014. Ku Afghanistan, a Taliban adatsekera atsikana zitseko za sekondale atatenga boma mu 2021, ndipo mu Disembala 2022 adawaletsanso kulowa yunivesite. Pafupi nafe pompano, kuchigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, nkhondo imene idayamba ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017 yatseketsa sukulu zambiri ndi kuthamangitsa anthu m'midzi mwawo, kuphatikizapo Asilamu anzathu. Munthu amene sadaphunzirepo za Chisilamu akamamva nkhani zoterezi tsiku ndi tsiku, amafika pokhulupirira kuti chipembedzo chathu ndi mdani wa maphunziro.

Tingadandaule, ndipo kudandaulako kuli ndi malo ake. Koma ife a ku Malawi kuno tilibe mphamvu pa zimene mawayilesi a kanema a ku London kapena New York amaulutsa. Chimene chili m'manja mwathu ndi ana athu. Mmalawi wamba sadziwira Chisilamu m'mabuku. Amachidziwira kwa namwino amene wamulandira kuchipatala, kwa mphunzitsi wa mwana wake, kwa mlangizi wa zaulimi ndi kwa woweruza milandu kukhoti. Ngati m'malo amenewa Msilamu sapezekamo, nkhani yathu idzakambidwa ndi ena, ndipo akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. N'chifukwa chake tikunena kuti mbiri ya Chisilamu m'dziko muno idzakonzedwa m'kalasi.

Potumiza ana kusukulu sitikubwereka mwambo wa eni. Uthenga woyamba umene udavumbulutsidwa kwa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) kuphanga la Hira udali lamulo la kuwerenga. Nkhondo ya Badr itatha mu 624, ena mwa akaidi amene adalibe chuma chodziwombolera adamasulidwa ataphunzitsa ana a ku Madina kulemba ndi kuwerenga. Aphunzitsiwo sadali Asilamu, koma Mtumiki sadaope kuwapatsa ana, pakuti luso la cholembera lilibe fuko. Adalamulanso Zayd ibn Thabit kuti aphunzire kalembedwe ka Ayuda, kuti azimuwerengera ndi kumulembera makalata. Mu 859, mayi wachisilamu Fatima al-Fihri adamanga mzikiti wa al-Qarawiyyin mumzinda wa Fez ku Morocco, umene udakula n'kukhala amodzi mwa malo akale kwambiri a maphunziro apamwamba omwe akugwirabe ntchito. Masamu a aljebura amene ana athu amalimbana nawo ku sekondale adatenga dzina m'buku la al-Khwarizmi, katswiri wa ku Baghdad, ndipo buku la zamankhwala la Ibn Sina lidaphunzitsidwa m'mayunivesite a ku Ulaya kwa zaka mazana angapo.

Nanga ngati chipembedzo chili chotere, chidachitika n'chiyani kuti Asilamu a ku Malawi atsalire pa maphunziro a kusukulu? Yankho lili m'mbiri ya dziko lino. Chisilamu chidakhazikika ku Nkhotakota ndi a Jumbe cha m'ma 1840. Mfumu Makanjira idachilandira cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena achiyao monga Mataka, Mponda ndi Jalasi adatsatira. Mafumuwa adali ndi alembi olemba makalata m'zilembo za Chiarabu, ndipo masheikh monga Abdallah Mkwanda ndi Thabit Ngaunje adayendayenda m'mbali mwa nyanja kuphunzitsa Qur'an. Makolo athu sadali mbuli. Koma sukulu yophunzitsa Chingerezi ndi masamu idabwera ndi amishonale: a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, a UMCA pachilumba cha Likoma mu 1885, ndi a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889. Boma la atsamunda lidadikira mpaka 1926 kuti likhazikitse nthambi yoona za maphunziro, ndipo ngakhale pamenepo sukulu zambiri zidatsala m'manja mwa mipingo. Sukulu ya mishoni idali khomo lolowera m'tchalitchi, ndipo ana ambiri amene adalowamo adatulukamo atabatizidwa ndi kusinthidwa maina.

Agogo athu adauzidwa kuti asankhe pakati pa satifiketi ndi chikhulupiriro, ndipo adasankha chikhulupiriro. Sitingawadzudzule, chifukwa mizikiti imene tikupempheramo lero idaima pa chisankho chimenecho. Koma mtengo wake udali waukulu. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, Asilamu ophunzira oti n'kugwira ntchito za m'maofesi adali owerengeka, ndipo maganizo oti Msilamu ndi msodzi, telala kapena mlonda basi adazika mizu.

Chifukwa chimene chidawaletsa iwo chidatha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, bungwe la Muslim Association of Malawi ndi la Africa Muslim Agency, limene adayambitsa Dr Abdul Rahman al-Sumait wa ku Kuwait, adayamba kumanga sukulu ndi kulipirira ophunzira. Mu 1994 Amalawi, amene ambiri mwa iwo ndi Akhristu, adasankha Msilamu Bakili Muluzi kukhala mtsogoleri wa dziko, ndipo m'chaka chomwecho maphunziro a pulayimale adakhala aulere. Bungwe la Islamic Zakaat Fund lathandiza ophunzira ambiri kufika m'makoleji, ndipo ku Mangochi kuli koleji ya Maryam yosula atsikana kukhala aphunzitsi. Ngakhale nkhani ya hijab, imene idabutsa chipwirikiti pasukulu ina ya mishoni m'boma la Balaka mu Novembala 2019, idatheka ndi kukambirana: mu 2021 atsogoleri achisilamu ndi achikhristu, motsogozedwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, adasayina mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijab m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma.

Chipata chidatseguka, koma ana onse sadalowe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu alipo pafupifupi 14 mwa Amalawi 100 alionse, ndipo ambiri ali m'maboma a Mangochi, Machinga, Balaka, Zomba, Salima ndi Nkhotakota. Aliyense amene amayenda m'maboma amenewa amaona anyamata akusiya sukulu asadalembe mayeso a Sitandade 8, ena kulowera kunyanja, ena kuthamangira ku Joni, kumene amakafika opanda pepala lililonse lowateteza pantchito. Amaonanso atsikana akubereka ana pamsinkhu woti akadabereka chikwama cha mabuku. Gwero la zimenezi ndi umphawi, kutalika kwa mtunda wopita kusukulu, ndi kusowa kwa anthu ophunzira oti ana atengerepo chitsanzo. Palibe pamene Chisilamu chidalamula zotere. Koma woonera patali sasiyanitsa. Iye amangoona chipewa ndi hijab, n'kunena kuti ndi chipembedzo.

Pali makolo amene amaopabe kuti sukulu iwalanda mwana: apita wopemphera, abwerako wochita manyazi ndi dzina lake. Manthawa si opanda maziko, ndipo sitiyenera kuwaseka. Koma mankhwala ake si kumubisa mwana. Lero mwana amene sadapondepo m'kalasi ali ndi foni m'manja, ndipo pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp amakumana ndi onyoza Chisilamu komanso olalikira chidani m'dzina la Chisilamu. Amene angaime pakati pa awiriwa osagwedezeka ndi mwana amene ali ndi madrasa ndi sukulu yomwe. Wa sukulu yokha sadziwa choyankha akafunsidwa za chipembedzo chake. Wa madrasa yokha, makamaka ngati adangoloweza osauzidwa tanthauzo, amanyengeka mosavuta ndi aliyense wodziwa kutchula mawu a Chiarabu. Choncho madrasa yathu iphunzitse kuwerenga Qur'an pamodzi ndi tanthauzo lake, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo mwana aloledwe kufunsa.

Ntchito yotsala ndi ya pamudzi ndi pamzikiti, ndipo siifuna ndalama za kunja. Nthawi ya madrasa ikonzedwe kuti isalimbane ndi ya sukulu. Komiti ya mzikiti uliwonse idziwe ana a m'dera lake ndi makalasi awo, ndipo mwana akajomba sabata yathunthu akuluakulu apite kukaona makolo ake mwaulemu. Gawo la Zakaat ndi Sadaka lipite ku yunifomu, makope, malo ogona ndi fizi ya ana a mabanja osauka. Jando ndi nsondo zichitike patchuthi, ndipo zithe sukulu isadatsegulidwe. Masheikh athu asamangitse nikah ya mwana wosakwana zaka 18, monga momwe malamulo oyendetsera dziko akunenera chisinthireni mu 2017, ndipo khutba ya Lachisanu izikumbutsa abambo kuti kuphunzitsa mwana wamkazi ndi udindo umene adzafunsidwa pamaso pa Allah. Mmera mpoyamba.

Nawo amene adaphunzira ali ndi ngongole. Abwerere kumudzi kuti ana akaone ndi maso kuti munthu angathe kukhala dokotala, injiniya kapena loya n'kumaswalibe kasanu patsiku. Akumbukirenso kuti Msilamu wophunzira akalandira ziphuphu kapena kuzunza odwala, amawononga tsiku limodzi zimene maulaliki a chaka chonse adamanga.

Kwa boma ndi kwa abale athu a mipingo, pempho lathu ndi lakuti mgwirizano wa 2021 ulemekezedwe pasukulu iliyonse, ndipo sukulu za sekondale zifike kufupi ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja. Nafenso tiphunzitse ana athu kulemekeza malamulo a sukulu zimene zawalandira, ndipo sukulu zathu zilandire mwana wa Mkhristu ndi manja awiri, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana amene adakhala pa desiki imodzi savutika kukhulupirirana akakula.

Agogo athu adasunga chipembedzo ichi potaya sukulu, chifukwa nthawi yawo idawakakamiza kutero. Ife tidzachisunga potumiza mwana aliyense kusukulu m'mawa ndi kumadrasa masana. Allah atipatse mphamvu zoterezi, ndipo aonjezere ana athu kuzindikira kopindulitsa.