Batire lalakwanji? Yambani mwayeza musanagule lina

Aliyense woyenda pa msewu wa M3 akudziwa kuti masiku ano pa Liwonde pamadutsa galimoto zoti ukaziona umachita kucheuka kawiri. Ma Prado, ma Range Rover, ma Benz ndi ma BMW, zina zikupita kunyanja ku Mangochi, zina kukaona nyama ku Liwonde National Park, zinanso n'za eni dera omwe zawo zinayera. Koma pali nthenda imodzi yomwe galimoto zimenezi zikudwala mobwerezabwereza, ndipo eni ake ambiri amachita manyazi kuitchula. Galimoto ikangogona masiku awiri kapena atatu, m'mawa mwini wake akadina batani imangoti zii. Batire latha moto.

Chotsatira timachidziwa tonse. Bwana amatuma mnyamata kukagula batire latsopano, galimoto n'kulira, aliyense n'kusekerera. Pakangotha miyezi iwiri kapena itatu, nyimbo ndi yomwe ija. Apo mlandu umagwera wogulitsa batire kapena makaniko, ndipo ena amafika poganizira achibale kuti aikapo dzanja. Ife tikuti nthawi zambiri batire limangophedwa, wolipha ali pena, ndipo sitidzamugwira ngati sitiphunzira kuyeza tisanagule.

Akuluakulu omwe anayendetsapo Peugeot 404 kapena Datsun akukumbukira kuti ukazimitsa galimoto zonse zinkagona. Batire likafooka unkangoitana anyamata anayi, giya yachiwiri, ulendo ulipo. Galimoto yamakono sigona chomwecho. M'kati mwake muli timakompyuta tambirimbiri toyang'anira injini, mabuleki, zitseko, mipando, wailesi ndi alamu. Ukatseka zitseko timatenga mphindi zingapo, mwina mpaka theka la ola, kuti tigone, ndipo ngakhale titagona timamwabe moto pang'ono. Amisiri a magetsi a galimoto amati kumwa kumeneku kusamapitirire 50 milliamps.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge batire lolembedwa 70Ah. Galimoto yabwinobwino yomwa 50 milliamps imataya 1.2Ah patsiku, choncho itha kuima sabata zingapo n'kulira popanda vuto. Koma kachipangizo kamodzi kakakana kugona n'kumamwa theka la amp, galimotoyo imataya 12Ah patsiku, ndipo pakutha pa masiku atatu theka la moto lapita. Batire la galimoto likamatsitsidwa chotere kawirikawiri limaonongekeratu m'kati, moti silisunganso moto ngakhale mulitchaje usiku wonse. Ndiye mukaika latsopano osapeza kachipangizo kaja, mwangopatsa fisi mbuzi ina.

Nanga chimaletsa galimoto kugona n'chiyani? Zina n'zochita zathu zomwe. Galimoto zambiri zomwe timagula zimachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ndipo wailesi zake zinapangidwira FM ya kwawo, yomwe kwa zaka zambiri inkayambira pa 76 kulekeza pa 90. Zikafika kuno timazichotsa kapena kuziwonjezera kachipangizo kuti zigwire nyumba zathu zoulutsira mawu. Pamwamba pa apo timaika alamu ina, kamera, ndi kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa. Zonsezi zikalumikizidwa mwachidule, mawaya ongopotedwa n'kukulunga tepi, zimamwa moto usana ndi usiku. Pa galimoto zina zolira ndi batani, ngakhale kiyi wopachikidwa pamsomali pafupi ndi pomwe galimoto yaima amachititsa kuti izingodzukadzuka.

Chachiwiri ndi kutentha. Liwonde ili m'chigwa cha Shire, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35 dzuwa likafika paliwombo. Opanga mabatire amawerengera moyo wa batire pa madigiri 25, ndipo chodziwika n'chakuti kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 kwa nthawi yaitali, moyowo umadulidwa pakati. Batire lomwe likadakhala zaka zisanu ku Ulaya silingafikeko likamakhala padzuwa la pa Barrage. Kuimika galimoto pamthunzi n'kusunga ndalama.

Chachitatu ndi momwe takhalira m'zaka zapitazi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130 megawatts mpaka m'chaka cha 2023. Pa nthawi ya kuthimathimayo galimoto zambiri zinasanduka potchajira mafoni a banja lonse. Kuyambira m'chaka chomwecho cha 2022 tinaonanso mizere ya mafuta ikubwera n'kupita. Pamzere munthu amaliza galimoto, kusendera pang'ono, kuzimitsa, wailesi ili m'kati, mwina kakhumi kapena kuposa. Kuliza kulikonse kumatapa moto wambiri, ndipo alternator imafuna ulendo wotalikirapo kuti ibweze motowo. Kaulendo kochoka pamsika wa Liwonde kukafika pa Mangochi Turn-off sikabweza zomwe zatapidwa, makamaka ngati choziziritsira m'kati ndi nyale zili zoyaka.

Chachinayi, chomwe chikutha ndalama za anthu ambiri, ndi kuika batire lolakwika. Galimoto zomwe zimazima zokha zikaima pamphambano n'kuliranso zokha zimafuna batire la mtundu wa AGM kapena EFB. Mabatire amenewa ngodula, ndipo popeza ambiri timaitanitsa kunja, kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunawakwezeratu mtengo. Munthu amangoti mundipatse lililonse bola lilowe. Lotchipalo silichedwa kufa chifukwa silinapangidwire ntchito yotere. Komanso galimoto zina, monga BMW, zimafuna kuti mmisiri alumikize kompyuta n'kuiuza galimotoyo kuti batire lasinthidwa. Popanda kutero imapitiriza kutchaja latsopanolo ngati lakale lija, n'kulifupikitsira moyo.

Mwina wina anena kuti awa ndi mavuto a anthu olemera, asiyeni alire okha. Ife sitikuona choncho. Luso lomwe lero lili mu Range Rover mawa limafika mu galimoto ya aphunzitsi. Kale kale timagalimoto ting'onoting'ono ta ku Japan tomwe tadzaza m'misewu yathu, kuphatikizapo tomwe tikunyamula anthu pakati pa Liwonde, Balaka ndi Ntaja, tayamba kubwera ndi mabatani ndi makompyuta omwewa. Galimoto yosintha yokha magiya siikankhika kuti ilire, ndipo zina batire likafa sizilola n'komwe kuchotsa giya pa P. Wobwereka moto kwa galimoto ina akangosemphanitsa mawaya akhoza kuotcha kompyuta yodula kuposa mabatire khumi. Zikatero chotsala n'kunyamula galimoto ulendo wa makilomita oposa 100 kupita ku Blantyre. Taganizani zitachitika usiku, m'nyumba muli mayi woyembekezera amene matenda amuyamba.

Sitikunyoza amakaniko athu. Pa Liwonde ndi pa Balaka pali anyamata oti injini amaimasula n'kuibwezera ngati akusenda nthochi. Chomwe chikusowa ndi zida komanso maphunziro a magetsi a galimoto zamakono. Takhala tikuitanitsa galimoto za m'badwo uno kwinaku tikuzikonza ndi nzeru za m'badwo wapitawo.

Chonsecho kuyeza koyambirira sikufuna zambiri. Kachipangizo kotchedwa multimeter n'kotchipa kuposa batire. Batire lodzaza, galimoto itapuma, limaonetsa pafupifupi 12.6 volts, ndipo likafika cha pa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Injini ikamalira, galimoto zambiri zimaonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts, ngakhale zina zamakono zimakweza n'kutsitsa mwadala. Kenaka mmisiri atseke zonse, adikire galimoto igone, ayeze moto womwe ukutuluka, n'kumafufuza fyuzi imodziimodzi mpaka wakubayo apezeke. Aonenso mitu ya batire ngati yachita dzimbiri kapena yakhwefuka, ndi lamba wa alternator.

Pempho lathu loyamba likupita kwa eni galimoto. Musalole kugulitsidwa batire wina asanayeze zinthu zitatu: batirelo, kutchaja, ndi moto wotuluka galimoto itagona. Funsani tsiku lomwe batire linapangidwa, chifukwa lokhalitsa m'sitolo limayamba kufa lisanagwire ntchito, ndipo sungani lisiti ndi pepala la chitsimikizo. Wogulitsa akakana kukumverani, bungwe la Competition and Fair Trading Commission linakhazikitsidwira madandaulo otere.

Kwa ogulitsa galimoto, tikuti nenani zoona. Muuzeni wogula mtundu wa batire lomwe galimoto imafuna, mtengo wake, ndi komwe angapeze mmisiri wake. Kwa a TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba, tikupempha maphunziro afupiafupi a magetsi a galimoto, ofikira amakaniko omwe ali kale pantchito m'matauni ang'onoang'ono, osati a mu Blantyre ndi Lilongwe okha. A Malawi Bureau of Standards aziyendera m'masitolo kuona mabatire omwe akugulitsidwa. Ndipo maofesi a boma ogula galimoto zikuluzikulu ndi misonkho yathu aziyamba afunsa kuti galimotozo zikakafika ku Machinga azikazikonza ndani.

Tisaiwalenso komwe mabatire akufawa amathera. M'kati mwake muli asidi ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa ana. Tauni ya Liwonde ili m'mphepete mwa Shire, mtsinje womwe anthu amamwa, kuchapamo ndi kuphamo nsomba. Batire lakufa libwezedwe kwa ogulitsa kapena kwa ogula zitsulo odziwa kulisamala, lisaswedwe kuseri kwa nyumba komwe ana amasewera.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Amene wakwanitsa kugula galimoto ya mamiliyoni sangalephere kulipira mmisiri kuti ayeze kwa ola limodzi. Ndalama zakunja zikutivuta kale m'dziko muno, tisazitayenso pogula mabatire atatu pachaka chifukwa cha waya mmodzi wolumikizidwa molakwika.